Mpira wa mantha: boti la pagombe silimira, komanso silipha nsomba

Anzanga a kunyanja, moni nonse, kuyambira ku Makawa, Msaka, Chembe, Malembo, Senga Bay, Nkhotakota mpaka inu a ku Usisya amene mumachita kukwera pamwala kuti netiweki ikupezeni. Ndi ine ndemwe, mwana wa msodzi uja, ndikulemba ndili kuno ku Chiradzulu kumene ndimayenda ndi usipa wa madala m'misika. Uthengawu ndi wautali, ndiye amene foni yatsala pang'ono kuzima, kaitchajeni kaye.

Nkhani ndi ya Flames. Timu ikangosewera, m'magulu athu a WhatsApp mumagwa madandaulo awiri omweomwewo. Loyamba: anyamata akusewera mwamantha, onse aunjikana kumbuyo ngati anapiye aona kabawi. Lachiwiri: kochi wasankha anthu olakwika, wasiya uje, watenga uje. Kenako kutukwanizana, kenako wina watuluka m'gulu, mawa lake tabwerera kwa Arsenal ndi Man United ngati palibe chachitika. Ine ndikufuna ziwirizi tiziunike bwinobwino. Pa dandaulo loyamba ndili nanu. Pa lachiwiri ndili nanu theka lokha.

Ndiyambe ndi zimene tonse tinakulira. Kusamala ndi mantha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwera ukakwiya mu Juni ndi Julayi, madala sakankha boti. Amayang'ana kumwamba, amayang'ana mtundu wa madzi, amangoti lero tisoke ukonde. Palibe amene amawatcha amantha, chifukwa tonse tinakhalapo pamaliro a anthu amene anatsutsana ndi mwera. Kumeneko ndiye kusamala. Koma pali msodzi wina, gombe lililonse lili naye wake. Nyanja ili bata, mwezi kulibe, anzake ayatsa nyali apita kukauni, iye akungozungulira m'mphepete kukokolola tiana ta nsomba. Boti lake silinamirepo, zoona zake. Koma ana ake amadyera kwa aneba. Wosamala amadikira ali ndi ukonde m'manja, akudziwa nthawi imene aponye. Wamantha alibe tsiku loponya.

Tsopano tengani masewero awiri a Flames ndi timu imodzimodzi ya Senegal, muone kusiyana kumeneku ndi maso anu.

Oyamba anali pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, pa AFCON. Tinali titagonja 1-0 kwa Guinea, kenako n'kuswa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Tinali ndi mapointi atatu, ndipo pointi imodzi yokha inali yokwanira kutipatsa mwayi wolowa m'ndime ya matimu 16. Kutsogolo kwathu kunali Sadio Mané, Kalidou Koulibaly ndi Édouard Mendy, anthu amene milungu itatu isanathe ananyamula chikho chenichenicho. Tsiku limenelo tinatchinga, ndipo kutchingako kunali ndi mutu. Charles Thom anagwira mipira pagolo ngati watumidwa. Koma kumbukirani chinthu chimodzi: penate ija imene oyimbira anatipatsa kenako n'kuibweza ataonera pa VAR, amene anagwetsedwa anali Gomezgani Chirwa. Gomezgani ndi wotchinga kumbuyo. Ndiye dzifunseni, munthu wakumbuyo ankatani m'bokosi la Senegal? Yankho n'lakuti timu ija inkatchinga ili ndi ukonde m'manja. Mpata ukapezeka, anyamata ankathamanga n'kukafika. Zinatha 0-0, tinapitirira, koyamba m'mbiri yathu. Masewero amenewo palibe angawanene kuti anali a mantha.

Achiwiri anali pa 15 Okutobala 2024 pa Bingu ku Lilongwe, polimbirana malo a AFCON ya 2025. Apa tiwerenge masamu ngati tikuwerenga zigoba za usipa. Tinali titasewera katatu n'kugonja katatu: 3-2 kwa Burundi pakhomo pathu, 3-1 kwa Burkina Faso, 4-0 kwa Senegal kwawo. Mapointi athu ziro. Senegal inali ndi 7, Burkina Faso inali itafika kale pa 10, ndipo m'gulumo ankapitirira awiri okha. Tikanafanana mphamvu, Senegal ikanafika pa 8, ife pa 1, n'kutsala ndi masewero awiri. Ngakhale tikanapambana onse awiriwo tikanathera pa 7. Mwaona? Kufanana mphamvu ndi kugonja tsiku limenelo chinali chinthu chimodzi, njira zonse ziwiri zinkathera panja. Chimene chikanatisunga ndi chipambano basi. Koma momwe ndinaonera ine, timu inasewera ngati 0-0 ndi chuma choti ikabise pansi pa bedi. Tinatchinga mpaka mphindi 90 kutha, ndipo m'nthawi yowonjezera Mané anatchera mpira wa firikiki n'kuulowetsa. 1-0, nkhani yatha.

Ndinaonera masewero amenewo m'kachipinda ka vidiyo pa tauni ina kuno. Mpira utalowa palibe anakuwa, palibe anatukwana. Bambo wina wachikulire amene amagulitsa nandolo pamsika anangovala chipewa n'kunena kuti, "Achimwene, tikanangofa tikumenya, si bwenzi zikuwawa chonchi." Mawu amenewo ndi amene masapota ambiri amafuna kunena akamati timu ndi yamantha. Palibe wamisala amene amayembekeza kuti Malawi izikwapula Senegal chaka chilichonse. Chimene chimapweteka ndi kugonja osayesako, makamaka pa tsiku loti kusamala kulibe phindu.

Palinso masewero a Morocco a pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, amene tonse timawakonda chifukwa cha chigoli cha Gaba. Mphindi ya 7, mnyamata anakweza maso ali kutali, pafupi ndi pakati pa bwalo, anaona Bounou wasuntha pamzere, n'kuumenya. Dziko lonse linaima. Koma chitachitika chimenecho tinabwerera mmbuyo, ndipo mphindi zotsalazo tinakhalira kukapa madzi. En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chili pafupi kutha, Hakimi n'kumaliza ndi firikiki pa mphindi ya 70. Apa sindikudzudzula kwambiri, chifukwa Morocco imeneyo chaka chomwecho inakafika ndime ya matimu anayi pa World Cup ku Qatar. Koma phunziro lilipo. Bwato likamalowa madzi, inde wina azikapa. Koma onse akasiya nkhafi n'kugwira zokapira, bwatolo silifika kumtunda, lingochedwa kumira. Timu yosakhoza kusunga mpira ngakhale mapasi asanu imakhala ikuitana mafunde ena, ndipo fundelo limodzi lidzalowa basi, kaya ndi mphindi ya 45, kaya ya 96.

Ena mwa inu mumati, aise, mpira wathu ndi womwewo, tilibe anthu, tisadzinamize. Ine ndikukana. Amene munali ana funsani akuluakulu. Mu Juni 2008 pa Kamuzu Stadium tinagonjetsa Egypt 1-0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto, Egypt ili ndi chikho cha Africa m'manja. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, timu ya a Kinnah Phiri inathidzimula Algeria 3-0, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Algeria yomweyo miyezi isanu pambuyo pake inali pa World Cup ku South Africa, ikufanana mphamvu ndi England. Tikabwerera mmbuyo kwambiri, tinatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, ndipo a Kinnah omwewo ali osewera anamwetsera dziko lino zigoli 71. Anthu amenewo sankadya nsima ina. Ndisabise, ku Angola kuja titatha kuswa Algeria tinagonja kwa eni bwalo ndi kwa Mali, n'kubwerako msanga. Kulimba mtima sikulonjeza chikho. Koma lero tikamakamba za Flames pagombe timakamba za tsiku liti? Alipo amene amasimbira ana ake za tsiku limene tinagonja 1-0 mwaulemu?

Chondidabwitsa n'chakuti mpira wabwino timautulutsa zinthu zikatayika kale. Mu Novembala 2024, titatuluka kale mumpikisano, a Kalisto Pasuwa atangogwirizira timu, tinakwapula Burkina Faso 3-0 pa Bingu pomwepo. Inde Burkina inali itadutsa kale, inalibe chofera, koma anyamata athu anali omwe aja, miyendo yomwe ija. Mu Sepitembala 2025 Liberia inatitsogolera 2-0 pakhomo pathu, ndipo apo ndi pamene tinadzuka n'kubweza zonse ziwiri. Ndiye luso lilipo. Limangodikira kuti mantha achoke kaye, ndipo mantha amachoka pamene palibenso choti titaye. Funso langa ndi lakuti, bwanji osayamba chomwecho mphindi yoyamba, mapointi adakali pamsika?

Koma tisathamangire kupachika makochi tisanafunse kumene mantha awo amachokera. Werengani nane. A Meck Mwase anatipititsa ku AFCON mu Malichi 2021 titagonjetsa Uganda 1-0 ndi chigoli cha Richard Mbulu. Chaka chisanathe anaikidwa pansi pa a Mario Marinica a ku Romania. A Marinica anachoka mu Epulo 2023. A Patrick Mabedi analowa, anachotsedwa mu Okutobala 2024. Kenako a Pasuwa. Anthu anayi m'zaka zosakwana zinayi. Tsopano taganizirani siginala amene akugwira ntchito pa boti la bwana, ndipo akudziwa kuti akangobwera chimanjamanja usiku umodzi atawotcha mafuta, mawa pa nyali pakhala wina. Munthu ameneyo angapite kutali kukasaka usipa wambiri? Sangayerekeze. Azingozungulira pafupi, abwere ndi zigoba ziwiri zoti bwana asakalipe. Kochi naye ndi munthu, ali ndi lendi, ali ndi ana kusukulu. Akadziwa kuti 4-0 imachotsa ntchito pomwe 1-0 imapatsa mwezi wina, asankha 1-0. Mantha amene timawaona m'bwalo amayambira m'maofesi, ndipo ena amayambira m'mafoni mwa masapota amene amafuna mutu wa munthu Lachiwiri lililonse.

Palinso nkhani ya nthawi. Timu ya dziko si kalabu yoti mumakumana tsiku ndi tsiku. FIFA imapereka masiku ochepa, pafupifupi sabata ndi theka, ndipo m'masiku amenewo muli masewero awiri ndi maulendo a pandege olumikizalumikiza. Osewera a kunja amafika kutatsala masiku awiri kapena atatu. Kuphunzitsa anthu khumi kuima mizere iwiri n'kutseka njira, zimenezo zimatheka m'masiku atatu. Koma kuphunzitsa anthu kuti wina akalandira mpira apa, mnzake adziwe kale kothamangira osayang'anana, zimenezo zimafuna miyezi, zimafuna anthu omwewo kusewera limodzi kambirimbiri. Chimodzimodzi gulu la chilimira. Anyamata oti agwira limodzi zaka zitatu sachita kuuzana nthawi yokoka, amangomvana. Ukamasintha kochi chaka ndi chaka, kochi aliyense n'kubwera ndi anyamata ake, chimene utsale nacho ndi mpira woumenya kutsogolo n'kupemphera.

Tifike pa dandaulo lachiwiri, la kasankhidwe ka osewera. Nkhani imene inatigawa kwambiri ndi ya Gaba ndi a Marinica, ndipo kuno ku Chiradzulu ili ndi kulemera kwina. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza boma lino. Ku Ntauchira matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola mudzi. Anthu anali m'misasa, m'makalasi a sukulu, ena akusakabe abale awo. Milungu iwiri pambuyo pake Flames inali ndi masewero awiri ndi Egypt. Sindikunena kuti mpira ukanapukuta misozi ya munthu amene wataya mwana. Koma ndinaona anthu oti alibe denga atazungulira kawailesi kamodzi, akufuna mphindi 90 zokha zoti aiwaleko. Ndandanda wa osewera unatuluka, dzina la Gabadinho mulibe, ndipo chimene chinkamveka ndi nkhani za mwambo ndi kusamvana pakati pa iye ndi mphunzitsi. Uyu ndi munthu amene anamwetsa zigoli zathu zonse zitatu ku Cameroon, amene mu Juni 2022 anamwetsa ziwiri pamene tinagonjetsa Ethiopia 2-1, amene ali ku Orlando Pirates anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20 n'kugawana mphoto ndi Peter Shalulile. Tinagonja 2-0 ku Cairo pa 24 Malichi, n'kudzalandira 4-0 pa Bingu pa 28, Salah ndi Marmoush akuchita zofuna zawo.

Ena amati, nanga Gaba akanatchinga zigoli zinayizo, ndi goloboyi kodi? Funso labwino, koma likuphonya chinthu. Womwetsa zigoli woopsa amatchinga ali chiimire kutsogolo. Akakhalapo, otchinga a timu inayo sayerekeza kukwera onse, awiri amatsala kumulondera. Akasowa, onse amabwera kudzakhala pakhomo panu, ndipo m'malo molimbana ndi anthu asanu ndi mmodzi mukulimbana ndi asanu ndi anayi. Mudzi wopanda galu, fisi amalowa mpaka pakhonde.

Za mwambo sindikuzipeputsa. Pa boti pakakhala munthu wochita zake, tsiku lina amiza anzake. Koma madala anali ndi siginala wina wovuta mutu kwabasi, woyankha, wosafuna kuuzidwa. Chokhacho, munthuyo ankauona usipa pamene ena akuona mdima. Anthu ankati muchotseni. Madala ankamuitanira kuseri kwa thandala, awiriwiri, n'kukambirana mpaka amvane. Ankati kuyendetsa anthu ofatsa aliyense angathe, umwini wa boti umaoneka pa munthu wovuta amene ukumufuna. Kochi wa timu ya dziko amalipidwa pa zimenezonso. Dziko loti omwetsa zigoli ake ungawawerenge ndi dzanja limodzi silingakwanitse kuti akuluakulu awiri akokanekokane chaka chathunthu pamene mapointi akupita. Pamenepo ndili nanu.

Pamene ndikusiyana nanu ndi apa. Ndandanda ukangotuluka, ambiri simuyang'ana mpira, mumawerenga mitundu ya majezi. Wa Bullets awerenga ofiira, wa Manoma awerenga ake, wa Silver naye awerenga ake, ndipo aliyense apeza kuti waberedwa. Choipa kwambiri, ena amawerenga maina a makolo n'kuyamba kuti achuluka a kumpoto, achuluka a pakati, a kummwera atayidwa. Zimenezo si kudzudzula kochi, ndi matenda athu ena amene tangowaveka jezi. Gaba kwawo ndi ku Chiweta ku Rumphi, mwana wa m'mphepete mwa nyanja mnzathu. Tsiku la Morocco lija, kuno ku Njuli ndi ku Mbulumbuzi anthu anagubuduzika m'fumbi, palibe anafunsa kuti kwawo n'kuti. Tabitha ndi Temwa Chawinga nawonso ndi a ku Rumphi, ndipo Scorchers itatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia 2-1, tonse tinati ndi athu. Nanga bwanji wina akaphonya penate ndi pamene timakumbuka boma lake?

Komanso dzina lalikulu si ndiye yankho nthawi zonse. Mu Julayi 2023 a Mabedi anapita ku COSAFA ku Durban ndi anyamata ambiri a mu ligi yathu yomweyi, ena oti ku timu ya dziko anali achilendo. Anapambana masewero onse atatu a m'gulu osagoletsedwa, Zambia ili momwemo, n'kukagwa ndi Lesotho pa mapenate m'ndime ya matimu anayi. Ndiye amene mumati aliyense wosewera kunja aziitanidwa basi, ngakhale akungokhala pa benchi miyezi isanu, ganizaninso. Amene mumati a kunja achoke onse, nanunso ganizaninso. Funso loyenera pa wosewera aliyense ndi losavuta: wasewera mphindi zingati miyezi itatu yapitayi, pa malo ati, ndipo kochi akufuna akachite chiyani Loweruka? Kochi akayankha zimenezo poyera, ngakhale tisagwirizane naye, timulemekeza. Chimene chimabala mphekesera ndi kukhala chete.

Ndipo kwa ine vuto lenileni la kasankhidwe silili pa maina 25 amene amatulukawo. Lili pa dziwe limene amawavuulamo. Khoka ukamaliponya malo amodzimodzi tsiku lililonse, usadabwe kuti nsomba zake ndi zomwezomwezo, ndipo zikunka zichepa. Matimu 16 a Super League, ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuchokera kuno kukafika ku Chiwembe kumene kuli likulu la FAM ndi ulendo waufupi wa minibasi, munthu upita m'mawa n'kudzadya nsima ya masana kunyumba. Koma mnyamata wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe, mpira wake waukulu ndi bonanza ya andale, imene imabwera chisankho chikayandikira n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa. Ngati zili chonchi pakhomo pa Limbe, nanga kwathu ku gombe kumene msewu umaduka mvula ikagwa? Umboni woti kunyanja kuli miyendo ulipo. Timu ya dziko ya mpira wa pamchenga, yodzaza ndi ana a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, inakafika ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique mu 2022, n'kubwereza ku Hurghada ku Egypt mu 2024. Anangopatsidwa mpata pang'ono. Ndi angati ena amene pano akukoka zingwe za chilimira, kapena ali m'basi ya ku Joni, oti palibe anawaonapo akusewera?

Chimene chandilembetsa zonsezi kwenikweni ndi mwana wa achemwali anga amene ndikukhala naye kuno chifukwa cha sukulu. Ali ndi zaka 14. Mpira anaphunzirira pamchenga, ndipo inu mukudziwa chimene mchenga umachita: mpira sugudubuzika wokha, umafuna uunyamule ndi phazi, uuteteze ndi thupi. Atafika kuno pabwalo louma, mnyamata ankachenga anthu atatu ngati akudutsa pakati pa mathandala. Analowa katimu kena ka m'mudzi. Ndiye pitani mukaime m'mbali mwa bwalo lililonse kuno Lamulungu masana, mumve chimene akuluakulu amakuwa mwana akangolandira mpira kumbuyo kapena pakati: "Chotsa! Menya! Taya kunja!" Tsiku lina pa bonanza analandidwa mpira akuyesa kutuluka nawo, anzawo n'kugoletsa. Anamutulutsa nthawi yomweyo, masewero otsatira anakhala panja. Madzulo ake anandiuza kuti, "Ankolo, kuno ukachenga amakukalipira, ukangoumenya kutsogolo amakuwombera m'manja. Ndiye ndizingomenya."

Ndipo akumenyadi. Mpira ukamabwera, maso ali kale kumwamba, phazi lakonzeka kuutaya. Salandidwanso, sakalipiridwanso, ndipo sakusiyananso ndi mwana wina aliyense pabwalopo. Kochi wa m'mudziyo sindimuda. Amaonera Flames ngati ife, amaona kuti akuluakulu a dziko akakumana ndi timu yamphamvu amatani, nayenso amakopera, poti mbuzi ya bonanza amaifuna. Umu ndi momwe mantha amatsikira kuchokera pa Bingu kufika pabwalo la pulayimale. Zaka khumi zikubwerazi tidzakhala tikufunsana m'magulu omwewa kuti bwanji Malawi ilibe wapakati wokhoza kuugwira mpira n'kukweza mutu. Tidzakhala titamupha tokha ali ndi zaka 14, ndi pakamwa pathu.

Ndamuuza mphwangayo kuti pabwalo la timu achite zimene kochi wanena, ulemu ndi ulemu, koma madzulo timapita awiri kuseri kwa nyumba ndi mpira wake, ndimamuikira njerwa zisanu, azichenga mpaka kude. Tchuthi chikafika ndimutumiza kwa agogo ake akapondenso mchenga. Kaya adzafika patali kaya ayi, zimenezo ndi za Mulungu, koma asadzasiye chifukwa choopa kulakwitsa.

Ndiye pempho langa lili patatu. Kwa aliyense amene wagwira Flames: tchingani pamene masamu akulola, palibe adzakudani. Koma pakhomo, ndi timu yofanana nafe, kapena tsiku loti pointi imodzi ilibe ntchito, tulutsani anyamata akasewere. Ndipo mukasiya munthu amene dziko lonse likumuyembekeza, tiuzeni chifukwa chake m'mawu omveka. Kwa akuluakulu a mpira: mukalemba kochi mupatseni nthawi yoti akhoza kugonja akumanga chinthu, ndipo ukonde wosakira ana muuponyeko ku maboma, osati m'tauni mokha. Kwa ife masapota, makamaka inu anyamata a m'magulu muno: musamafune zinthu ziwiri zotsutsana. Simungakuwe kuti timu ipite kutsogolo, kenako ikagoletsedwa ikuyesa n'kuyamba kutukwana mayi ake a wosewera pa Facebook. Mukafuna mpira wolimba mtima, muvomereze kuti masiku ena tidzabwera titanyowa. Ndipo Lamulungu likubwerali, mukakaima pabwalo la kwanuko, mwana akalandira mpira n'kufuna kuchenga, tsekani pakamwa kaye. Akalandidwa, muuzeni ayesenso.

Amene simukugwirizana nane, makamaka inu a Manoma a ku Senga Bay amene mumayankha musanamalize kuwerenga, lembani zanu, ndiziwerenga zonse, bola musatukwane. Tumizani uthengawu ku magulu ena, ukafike kwa makochi a matimu a ana kwanuko. Ndipo amene akukwera galimoto ya nsomba yobwera ku Limbe sabata ino andiimbire, madala akuti pali matumba awiri oti abwere, kuno usipa watha pamsika. Moni kwa onse pagombe, amene mukulowa m'madzi usiku uno muyende bwino.